Otilia Varzaru ndi Zitupa Khumi ndi Zinayi

Otilia Varzaru sanabadwire m'banja la anthu ophunzira. Bambo ake ankakonza mathirakitala pa famu ya boma m'mudzi wina wa kum'mawa kwa Romania, ndipo famuyo itatsekedwa, nawonso anangofota pang'onopang'ono. Mayi ake, a Profira, ananyamuka mu 1999 kupita ku Italy kukasamalira nkhalamba za eni ake. Anapita mozemba, atapanikizana ndi makatoni kumbuyo kwa lole, opanda pepala lililonse. Patatha zaka zitatu bambo aja anamwalira, mayi osabwera kumaliro. Akanatuluka m'dziko muja sakanalowamonso, ndipo Otilia, amene anali atangoyamba maphunziro a zamalamulo, akanasiyira panjira. Mwambo wonse wa maliro mayiwo anaumvera pa foni ya wansembe, ataima m'khitchini ya munthu wina.

Dziko la Romania litalowa mu Mgwirizano wa Ulaya mu 2007, a Profira anabwerera pa basi, masana, ngati munthu wina aliyense. Pa malire anaonetsa chitupa chawo cha unzika, wapolisi n'kungochiyang'ana kamodzi, n'kuwabwezera. Iwo anaimabe pomwepo kudikira mafunso, mpaka dalaivala anachita kuwakoka mkono. Otilia atamva nkhaniyi anafuna kudziwa kuti ndi mawu ati, olembedwa pati, amene anatsegula khomo limene linali lotseka tsiku la maliro a bambo ake. Anawafufuza, anawapeza, ndipo sanasiyenso kuwawerenga.

Umu ndi mmene anakhalira mphunzitsi pa yunivesite ya mumzinda wa kwawo. Kwa zaka khumi ndi zitatu iye ndiye ankalandira ophunzira a chaka chachiwiri pa phunziro loyamba la malamulo a Mgwirizano. Sanali wotchuka, analibe buku lolembedwa dzina lake, ndipo kontirakiti yake ankachita kuisainanso chaka ndi chaka, mwezi wa Febuluwale. Ankakhala ndi mayi ake m'kanyumba ka pansanjika yachinayi, mayiwo msana utapindika ndi kunyamula nkhalamba za ku Italy. Kalasi yake inkakhala Lolemba 8 koloko m'mawa, m'chipinda chozizira moti ophunzira ankalemba atavala majekete.

Ankayamba mophweka. "Nonse mumazidziwa nyumba zosanjikizana," ankatero. "Mabanja 27, lililonse ndi chitseko chake ndi kiyi wake. M'nyumba mwanu phikani zimene mukufuna. Koma masitepe ndi a tonse, ndipo za pamasitepe munagwirizana, munasaina. Tsiku lina mukadzapanga lamulo lanu lotsutsana ndi zimene munasaina zija, woweruza wa kwanu komweko adzasiya lanulo n'kutsata la pamasitepe. Akakayika tanthauzo lake, amalemba kalata kufunsa khoti la ku Luxembourg." Ena ankalemba, ena ankasinza, ndipo chaka chilichonse pankapezeka wanthabwala wofunsa kuti nanga amene amakodza pamasitepe ndi dziko liti.

Chaka chimene tikunenachi, sabata yachitatu ya Okutobala, anafika pa mutu umene ankaukonda kuposa yonse. Analemba pa bolodi nambala ya ndime ya m'pangano, n'kutembenuka.

"Nzika ya dziko lililonse la mu Mgwirizano ili ndi ufulu wokagwira ntchito m'dziko lina la mu Mgwirizano womwewo. Imapita, imabwerera pamene yafunira, ndipo pantchitopo isasiyanitsidwe ndi eni dzikolo, kaya pa malipiro, kaya pa..."

"Bodza."

Mawuwo anachokera kumbuyo, cha pazenera. Anali Eusebiu Dascalu, mnyamata wamtali woonda amene ankabwera pa sitima ya m'mamawa kuchokera kumudzi, ndipo chiyambireni chaka anali asanatsegulepo pakamwa.

"Abale, kodi chimalankhula!" anatero wina, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

"Mwati chiyani, a Dascalu?"

"Ndati bodza, aphunzitsi. Pepani. N'zokoma m'khutu, koma ndi bodza." Anaimirira. "Mayi anga anapita mu Ogasiti ku Italy, kuminda ya tomato ija yofolera ndi mapulasitiki. Anali amayi khumi ndi anayi pa basi imodzi. Atangotsika, kapitawo anatolera zitupa zawo zonse, akuti akalembetse. Mpaka lero. Amagona m'shedi, geti imakhala yokhoma. Mwendo wawo watupa ngati mtsamiro, apempha kuti abwere, awauza kuti mpaka Epulo. Ndiye ufulu wobwerera pamene afunirawo uli pa tsamba liti, ndikawawerengere?"

Kuseka kuja kunali kutazima. Kenako analoza chala kutsogolo.

"Kapena tifunse uyo. Basi inali ya bambo ake. Kontirakiti anasainira muofesi ya bambo ake."

Pampando wakutsogolo panali Miruna Haralamb, mtsikana amene ankakhoza kuposa onse. Bambo ake anali ndi mabasi ndiponso kampani yopezera anthu ntchito kunja, ndipo mumzindamo munalibe khomo lopanda wachibale amene anakwerapo mabasi amenewo. Miruna sanatembenuke. Khosi lake linafiira, cholembera chili chiimire papepala. Otilia anaona mafoni atatu, anayi, atadzutsidwa m'mwamba.

"Mafoni pansi. A Dascalu, tsitsani chala chimenecho. A Miruna sanalembe munthu ntchito, abwera kudzaphunzira ngati inu nomwe." Akanatha kulekera pomwepo, koma mnyamata uja anali chiimire, akudikira. "Ngati zimene mwanenazi zili zoona, ndiye kuti malamulo aphwanyidwa, a dziko la Italy ndi a Mgwirizano omwe, ndipo amene wachita zimenezi ayenera kuyankha mlandu. Koma lamulo likaphwanyidwa silisanduka bodza. Limafuna munthu woti alinyamule, akagogode nalo pa khomo loyenera. Mundipeze kuofesi."

Pofika Lachiwiri masana, kanema anali atazungulira mzinda wonse. Amene anamuika pa intaneti anadula mawu oyamba aja akuti ngati zili zoona. Chimene anthu ankaona ndi mnyamata akuloza mwana wa a Haralamb, kenako mphunzitsi akunena kuti malamulo aphwanyidwa, wina ayankhe mlandu.

Lachitatu anaitanidwa ndi mkulu wa nthambi ya zamalamulo, a Pulofesa Costache, amene kale anamuphunzitsa iye yemwe. Anamuthirira khofi ndi manja awo, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Otilia, ukuwaona mazenera awa? Ukukumbukira mmene mphepo inkaimbira muno? Ukudziwa amene anatiikira atsopanowa."

"Ndikudziwa, a Pulofesa."

"Loya wa a Haralamb walemba kalata. Akuti tawaipitsira dzina m'kalasi yathu, pa nthawi yathu. Lachisanu la sabata yamawa komiti yosungitsa mwambo ikhala pansi pa za mnyamatayu." Anamukankhira pepala lotayipa kale. "Apa pakungonena kuti anasokoneza phunziro ndi nkhani zopeka, iwe n'kuyankha modzidzimuka. Saina, zithe."

"Ndikudziwa bwanji kuti n'zopeka?"

"Nanga ukudziwa bwanji kuti n'zoona?" Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ine sindikukuopseza, mwana wanga. Ndikungokukumbutsa kuti Febuluwale sali patali, ndipo pa komiti ya makontirakiti sindikhalapo ndekha."

Otilia anapinda pepalalo n'kuliika m'chikwama, osasaina.

Kunyumba anapeza mayi ake akusenda tsabola wowotcha wopangira zacusca, ndiwo zamasamba zosungira nyengo yozizira, mabotolo ake atandandalika pa thebulo, foni ili pambali. Anali ataonera kale kanema uja.

"Wayamba ndale tsopano?"

"Ndinangoyankha funso, mama."

"Haralamb ameneyu ndimamudziwa kuyambira ali ndi kaminibasi kamodzi ka matayala akutha. Sakalipa munthu ameneyo, amamwetulira. Zisiye." Anasenda tsabola wina, ndi wina. Kenako, osadzutsa mutu, anafunsa: "Akuti watupa mwendo umodzi kapena yonse iwiri?"

"Umodzi."

"Umodzi ndiye woopsa. Ndinauonapo pa agogo ena amene ndinkawasamalira. Asadikire Epulo ameneyo."

Eusebiu anabwera kuofesi Lachinayi, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Otilia sanamunyengerere.

"Munachita zopusa. Mtsikana uja anakulakwirani chiyani? Ndipo amene mukufuna kuwagwirawo mwawadzutsa nokha. Khalani apa, tengani pepala."

Chitaliyana ankachidziwa bwino, anachiphunzira zaka zimene ankathandiza mayi ake kulemba makalata a penshoni. Analemba dandaulo lopita kwa oyendera malo antchito a ku Italy, ndi lina lopita ku bungwe la anthu ogwira ntchito m'minda kumeneko. Ndime iliyonse ankamuuza mnyamatayo kuti aipeze yekha m'buku, aiwerenge mokweza, anene chifukwa chake ikukhudza mayi ake. Zinkayenda bwino mpaka anafika pa mzere wofunsa malo.

"Mundawo uli kuti?"

"Kummwera."

"Kummwera ndi theka la dziko. Dzina la mudzi? La mwini munda? Kontirakiti ili kuti?"

"Mapepala onse anatsala kuofesi kwa a Haralamb. Mayi amaimba Lamlungu lokha, pa kafoni ka mabatani kobwereka, mphindi ziwiri basi. Akuti akasuzumira panja amangoona mapulasitiki mpaka pamene maso alekezera, ndi thanki ya madzi yopenta buluu."

Dandaulo lopanda adiresi likanangokagona m'kabati ya munthu. Analisunga mu kompyuta, mzere umodziwo uli wopanda kanthu.

Lolemba Miruna sanabwere, ndipo m'kalasi munali zii ngati pamaliro. Otilia atatuluka anaima pa kashopu ka pakona kuti agule covrigi ziwiri zotentha, timabuledi topota ngati mphete. Akudikira kuti amukulungire, anamva dzina lake.

"Mayi Varzaru!"

Anali bambo wamfupi, wa jekete yabwino, imvi zopesa bwinobwino.

"Ndine Haralamb. Ndimafuna ndikuthokozeni, mwana wanga amakutamani kwambiri." Anamugwira chanza, osachisiya msanga. "A Profira ali bwanji? Msana uja? Pansanjika yachinayi popanda chikepe, ha, n'zowawa kwa munthu wamkulu. Amatsika okha kupita kumsika Lachiwiri ndi Lachisanu, eti? Muziwaperekeza, mayi. Masitepe aja ndi oterera."

"Zikomo pondikumbutsa," anatero Otilia, n'kudabwa kuti mawu ake atuluka osanjenjemera. Anakhota pakona. Anakhala pa benchi ya pa siteji, mabasi awiri a kwawo n'kumudutsa akuwayang'ana. Tsiku limenelo pepala la a Costache lija analitulutsa kawiri. Kachiwiriko anafika povundukula cholembera.

Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti komiti ikhale, wina anagogoda pa ofesi. Anali Miruna, maso ali otupa, mapepala ali m'manja.

"Ntchito ya sabata yatha ija, aphunzitsi. Ndachedwa nayo." Anaiika pa desiki n'kutuluka.

Masamba anayi oyamba anali yankho la funso limene Otilia anapatsa kalasi, lolembedwa mwaukhondo monga mwa nthawi zonse. Tsamba lachisanu linali lolemba pamanja, mothamanga: dzina la kampani ya ku Italy, dzina la mudzi ndi msewu, kenako maina khumi ndi anayi. Lachisanu ndi chiwiri linali Aurica Dascalu.

Otilia anathamanga, n'kumupeza akutsika.

"Mukudziwa kuti bambo anu adziwa kuti ndinu?"

"Kiyi wa kabati ya mapepala kuofesi kwawo tili naye atatu: iwo, amalume ndi ine. Adziwa." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Musaganize kuti ndikuchitira uja. Anandiyalutsa pamaso pa anthu, sindidzamulankhulanso. Koma ndinawafunsa bambo, ndipo sanakane. Akuti zitupa amazisunga kuopa kuti amayiwo angazitaye. Amayi akuluakulu, aphunzitsi. Ena ali ndi zidzukulu."

Masana omwewo makalata onse awiri anapita. Pasanathe ola, mayi wina wa ku bungwe la antchito lija anaimba foni. Anati akakankha nkhaniyo, koma anachenjeza chinthu chimodzi: asauze munthu. Eni mundawo akangomva kuti adiresi yadziwika, amayiwo akwezedwa galimoto tsiku lomwelo kupita kumunda wina, ndipo sadzapezekanso. Otilia anaitana Eusebiu.

"Mawa, kaya akunyozeni chotani, za adiresi musatchule. Mwamva?"

Komiti inakhala m'chipinda cha misonkhano, anthu asanu kuseri kwa thebulo lalitali, a Costache ali pakati. Loya wa a Haralamb anakhala chapambali ngati mlendo wodzangomvera, foni ili pabondo.

"Mayi Varzaru, kodi wophunzirayu anasokoneza phunziro?"

"Anandidula mawu, inde. Analoza mnzake chala, ndipo pamenepo analakwa, ndinamuuza. Koma funso lake linali la phunziro langa lenileni. Pa zaka khumi ndi zitatu sindinafunsidwepo labwino kuposa limenelo."

"Chikalata munapatsidwa chija mwasaina?"

"Ayi. Muli mawu akuti zopeka. Sindingaike dzina langa pansi pa mawu amenewo."

Loya uja anapempha kulankhula, n'kuimirira mwaulemu, akumanga batani la jekete.

"Kafunso kamodzi kokha. Aphunzitsi a zamalamulo amadziwa kuti mlandu ndi umboni. Muli nawo? Kontirakiti? Dzina la munda? Ngakhale la mudzi lokha? Tipatseni, ife tomwe tiimbe foni pompano, timuthandize mayiyu."

Chikwama chinali pamiyendo pa Otilia, tsamba lija lili momwemo. Anamva Eusebiu akukoka mpweya pambali pake, mpando n'kulira. Anamuponda phazi mwamphamvu kunsi kwa thebulo.

"Palibe chimene ndingakuonetseni lero."

"Palibe," anabwereza loyayo, akuyang'ana a komiti mmodzimmodzi. "Mulembe zimenezo. Ndiye awa ndi amene akuphunzitsa ana athu malamulo."

Mmodzi wa a komitiwo, mnzake wa Otilia amene ankadya naye nkhomaliro tsiku ndi tsiku, anayang'ana kukhoma. A komiti anagamula kuti Eusebiu aimitsidwe sukulu mpaka Febuluwale, ndipo alembe kalata yopepesa. Za Otilia sananene kanthu, ndipo aliyense anadziwa tanthauzo la kusanenako.

Panja mnyamatayo misozi inali ikutuluka ndi ukali.

"Munali nalo m'chikwama! Mwawalola atiseke ngati zitsiru!"

"Atiseke. Pitani kunyumba, foni ikhale yoyatsa."

Lamlungu a Aurica sanaimbe. Lamlungu linalo sanaimbenso. M'mawa uliwonse Eusebiu ankatumiza uthenga wa liwu limodzi: palibe. Otilia ankaphunzitsa, ankaperekeza mayi ake kumsika atawagwira mkono, ankayang'ana galimoto iliyonse yoima pafupi ndi nyumba yawo. Ganizo limodzi silinkamuchoka: mwina a Haralamb anaona msanga kuti kabati yatsegulidwa, amayi aja anasamutsidwa kalekale, ndipo iye wapweteketsa mtsikana ndi mnyamata popanda chopindula.

Tsiku la khumi ndi chiwiri, Lachitatu m'mawa, akutuluka mulaibulale, foni inalira. Nambala inali ya ku Italy. Mawu anali a mayi wachikulire, osasa.

"Ndinu aphunzitsi a Eusebiu? Ndine Aurica. Ndikuimba ndili m'chipatala. A boma anabwera kumunda dzulo, magalimoto atatu. Zitupa anazipeza m'bokosi la nsapato m'galimoto ya kapitawo, atazimanga ndi mphira. Changa ndili nacho m'manja muno. Dokotala akuti magazi anaundana m'mwendomu, ndikanachedwa sabata ina..." Kenako anapitiriza: "Ndamva kuti mwana wangayo anakutchulani abodza pamaso pa anthu. Ndikafika ndidzamukoka khutu."

"Musadzalikoke kwambiri," anatero Otilia, n'kungokhala pansi pomwepo m'khonde, ophunzira akumulambalala.

Amayi asanu ndi anayi anabwerera kwawo. Asanu anasankha kutsala n'kupeza munda wina, poti kumudzi kunalibe chowayembekeza. Kapitawo uja anazengedwa mlandu ku Italy komweko. A Haralamb anati iwo ntchito yawo ndi kunyamula anthu basi, za kumindako sankazidziwa, ndipo chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chisanasungunuke mabasi omwe aja anali akuyenda atapentedwa dzina lina. Komiti sinabweze chigamulo chake. A Costache anati nkhani inali ya khalidwe m'kalasi, osati ya tomato. Eusebiu anabwerera mu Febuluwale ndipo anamaliza mochedwa ndi chaka chimodzi. Miruna anasamukira kwa azakhali ake mumzinda wina, n'kupitiriza sukulu kumeneko, kwawo osapondako zaka ziwiri.

Kontirakiti ya Otilia inasainidwa, koma phunziro la Lolemba anapatsa mphunzitsi wina wongobwera kumene. Iye anamukankhira kwa ophunzira a Loweruka, anthu akuluakulu ogwira kale ntchito: apolisi, makalaliki a kukhonsolo, mayi wina woyendetsa lole. Aliyense anaona kuti amutsitsa, ndipo miyezi yoyamba zinkamuwawa, moti ankazungulira njira kuti asadutse pa chipinda chake chakale. Koma anthu a Loweruka sasinza. Amabwera ndi makalata enieni m'matumba, wina a mlamu wake amene anagwira ntchito m'maiko atatu, wina a mwana wobadwira kunja amene sukulu ikumukana, ndipo amatsutsana naye mpaka mlonda amachita kugwedeza makiyi pakhomo. Akadali komweko mpaka pano. Loweruka lapitali kalasi yoyenera kutha 1 koloko inatha 4 koloko, ndipo atafika kunyumba mayi ake anamukalipira kuti msuzi autenthetsa kawiri.